THUPI LAKULA, KOMA UBONGO UKALI KUKULA

Kwa makolo ambiri a mu Kafue, mwana akafika zaka 13 kapena 14 amasanduka mlendo m'nyumba ya kwao. Mnyamata amene kale anali kuthamanga akatumidwa kumsika, lero ayankha mwamwano ndi kubwera dzuwa litalowa. Mtsikana amene anali kuseka ndi amake pa mbaula, lero adzitsekera m'cipinda ndi kulira popanda womumenya. Ku Shikoswe, ku Zambia Compound ndi ku Estates dandaulo ndi limodzi, lakuti ana a masiku ano samva. Ena amafika poganiza kuti mwana walodzedwa.

A zaumoyo ali ndi mau ena pa nkhaniyi. Bungwe la World Health Organization limawerenga zaka 10 mpaka 19 kukhala msinkhu wa unyamata. Kale akatswiri ambiri anali kuganiza kuti mwana wa msinkhu umenewu ali kale ndi ubongo wa munthu wamkulu. Mu 1999 dotolo Jay Giedd wa ku America ndi anzake anafalitsa zimene anaona atajambula ubongo wa ana mobwereza-bwereza ndi makina a MRI pamene anawo anali kukula. Kuyambira pamenepo zinadziwika kuti ubongo sukhwima wonse nthawi imodzi. Mbali za mkati zimene zimautsa mkwiyo, cimwemwe, manyazi ndi cilakolako zimadzuka msanga pamene mwana atha msinkhu. Koma mbali ya kutsogolo, kuseri kwa mphumi, imene imauza munthu kuti ayambe waima ndi kuganiza za mawa, imapitiriza kukhwima kufikira zaka pafupi-fupi 25.

Msodzi wa ku Chanyanya angaimve bwino nkhaniyi. Bwato lili ndi opalasa amphamvu, koma wokhala kumbuyo woliwongolera akali kuphunzira nchito yake. Pa madzi odikha liyenda bwino-bwino. Mphepo ikauka m'pamene vuto lioneka.

Mphepo yaikulu kwa wacinyamata ndi maso a anzake. Mu 2005 Margo Gardner ndi Laurence Steinberg anayesa anthu a misinkhu yosiyana ndi masewera a pa kompyuta oyendetsa galimoto, pamene woyendetsa anayenera kusankha kuima kapena kupitirira nyali yacikasu itayaka. Acinyamata a zaka 13 mpaka 16 akakhala okha sanali kusiyana kwambiri ndi akulu. Koma anzao awiri atakhala pambali ndi kupenyerera, kuika galimoto pa ngozi kunawirikiza kawiri. Akulu-akulu sanasinthe kwenikweni, kaya pali openyerera kapena palibe.

Izi zioneka ndi kuno komwe. Palibe mwana wokulira mu Kafue amene sadziwa kuti mu mtsinje muli ng'ona ndi mvuu. Akafunsidwa ali khale pakhonde, afotokoza zonse bwino lomwe. Koma tsiku lotentha la mu Okutobala, anzake ali kukuwa m'madzi ndi kumunena kuti ndi wamantha, nzeru ija imathawa. Cimene casowa pamenepo si cidziwitso ai, koma mphamvu yodzigwira mtima utatentha. Ndi momwenso zimayambira fodya, camba ndi mowa. Boma linaletsa tujilijili mu 2012, ndipo lamulo silola kugulitsa mowa kwa munthu wosakwana zaka 18, komabe kacasu sasowa kwa mwana amene anzake amuitana. Mowa umafooketsa mbali yomweyo ya ubongo imene ikali yanthete.

Kwa atsikana mtengo wake ndi wowawa. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa mu 2018 anapeza kuti pa atsikana 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 19 mu Zambia, 29 anali atabala kale kapena anali ndi pathupi. Tauni ya Kafue ili pa mseu waukulu wa ku Chirundu ndi ku Livingstone, ndipo anthu odutsa ndi ndalama m'thumba sacepa. Mtsikana wa zaka 15 ali ndi thupi la mai, koma poyesa malonjezo a mwamuna wa zaka 35 akali mwana ndithu. Mlandu waukulu pamenepo uli pa wamkuluyo. Kuyambira mu 1997 boma limalola mtsikana amene wabala kubwerera ku sukulu, ndipo ndi cinthu canzeru, pakuti mutu umene unalakwitsa pa zaka 15 ukali ndi zaka zambiri zoti ukule.

Nanga makolo acite ciani? Coyamba ndi kusankha nthawi. Uphungu woperekedwa pakati pa ndeu umangotayika, cifukwa pamenepo mbali yoganiza ija yatsekeka. Ndi bwino kudikira mtima uzizire, ndi kulankhula popita kumunda kapena potsuka mbale, pamene mwana sakakamizidwa kuyang'ana kholo m'maso. Kumukalipira pamaso pa anzake kumamupweteka koposa cikoti, ndipo amakukumbukira zaka zambiri, koma cimene anali kulangizidwa amaciiwala tsiku lomwelo. Malamulo a m'nyumba akhale ocepa ndi osasintha-sintha: ora lobwerera, kumene wapita, amene ali nao. Kholo lodziwa maina a anzake a mwana wake ndi nyumba zao lacita kale mbali yaikulu ya nchito.

Pali cina cimene Kafue inataya. M'zaka za m'ma 1970 mabanja ambiri anadza kuno kutsata nchito ku Nitrogen Chemicals of Zambia ndi ku Kafue Textiles, nasiya agogo, azakhali ndi amalume ku midzi ya kutali. Kumudzi mwana wotha msinkhu sanali kufunsa atate kapena amake nkhani za manyazi, anali kupita kwa agogo kapena kwa namkungwi. M'komboni malo amenewo kawiri-kawiri ali opanda munthu, ndipo foni ndi anzake ndiwo alowamo. Banja lililonse liyenera kufuna wamkulu mmodzi wokhulupirika, kaya wacibale, mphunzitsi kapena mai wa ku chalichi, amene mwanayo amamasuka naye.

Si kutsutsa konse kumene kuli mwano. Pa msinkhu umenewu mwana amayamba kuganiza za cilungamo, ndi kuona pamene mau a akulu asiyana ndi zocita zao. Akafunsa cifukwa cimene mlongo wake aphika pamene iye ali ku mpira, kapena cifukwa cimene atate amwa mowa umene amuletsa iye, ndiye kuti nzeru zake zili kugwira nchito, ngakhale funsolo liwawa. Tulo natonso tumasintha: tumabwera mocedwa usiku, pamene thupi lifuna maola 8 mpaka 10. Mwana wogona pakati pa usiku ali pa foni ndi kudzuka m'mamawa kupita ku sukulu amakhala wokwiya-kwiya ndi woiwala-iwala.

Komabe zina si za msinkhu cabe. World Health Organization imati pa acinyamata 7 aliwonse a zaka 10 mpaka 19, mmodzi ali ndi vuto la maganizo. Ngati mwana akhala wacisoni koposa milungu iwiri, aleka kudya, asiya anzake ndi zonse zimene anali kukonda, adziceka, kapena anena zofuna kufa, aperekezedwe ku kiliniki yapafupi kapena ku cipatala ca boma mu Kafue msanga, osadikira kuti zitha zokha. Ofunika thandizo lalikulu amatumizidwa ku Chainama Hills ku Lusaka. Mwana kapena kholo angathenso kuimba nambala 116 ya Childline, imene ili yaulere.