Ndikudwala khansa, koma a timeshare akundidulabe ndalama

FUNSO

Ndine mayi wa ku Ntcheu, ndimagwira ntchito ku Johannesburg. Mu 2019 anandiimbira foni kuti ndapata mphoto ya ulendo, ndikaitenge ku hotela ina. Ndinabwerako nditasaina mgwirizano wa timeshare, uja wogula mapointi oti uzikagonera kumalo atchuthi chaka chilichonse. Ndinagula pangongole. Pano andipeza ndi khansa ya m'mawere ndipo ntchito ndaima, koma kubanki akudulabe mwezi ndi mwezi, levy nayo ikungokwera. Ndikawaimbira a timeshare amati mgwirizanowu ndi wamuyaya. Kampani ina yati indichotsamo ndikayamba ndailipira. Ndilipire? Nanga ndikamwalira, ngongoleyi idzagwera ana anga?

Mayi wodandaula, Johannesburg

YANKHO

Pepani mayi ndi matendawa. Ndiyambe ndi kampani yofuna ndalama patsogoloyo: musaipatse ngakhale rand imodzi. Anthu otere amasaka amene wapanikizika, ena amachita kunama kuti wogula mapointi anu ali kale pafupi. Mapointi ogwiritsidwa kale ntchito msika wake ndi wovuta kwambiri, ndipo kalata imene iwo angakulembereni mutha kuilemba nokha kwaulere.

Sindikubisirani: matenda paokha safafaniza mgwirizano. Masiku 5 a ntchito amene lamulo la ogula la Consumer Protection Act la 2008 limapatsa munthu wotsatsidwa malonda mwa njira imeneyi kuti asinthe maganizo, kwa inu anadutsa kalekale. Komabe zitseko zina zilipo.

Tulutsani mapepala onse amene munasaina. Mupeza kuti mukulipira zinthu ziwiri zosiyana, ngongole yogulira mapointi ndi levy yosamalira malo. Pa mapepala a ngongole fufuzani mawu oti credit life insurance. Ambiri amalipira inshuwaransi imeneyi zaka ndi zaka osadziwa kuti ali nayo, chifukwa imabisala m'kati mwa ndalama yodulidwa pamwezi. Malamulo amene anayamba kugwira ntchito ku South Africa mu Ogasiti 2017 amati inshuwaransi yotere ilipire ngongole yonse yotsala munthu akamwalira kapena akalephereratu kugwiranso ntchito. Ngati kulepherako ndi kwa kanthawi, imamulipirira pamwezi mpaka miyezi 12. Ngongole yanu ya 2019 ikugwera pansi pa malamulo amenewa, ndipo poti matenda abwera mutasaina kale, mfundo imeneyi ili kumbali yanu. Ngati muli nayo, pemphani dokotala wanu kalata yonena za matenda ndi kuti simungagwire ntchito, muitumize msanga, chifukwa a inshuwaransi amaika malire a nthawi yoperekera dandaulo.

Levy ndiyo yovutirapo. Gawo 14 la lamulo la ogula lija limalola munthu kuthetsa mgwirizano wa nthawi yoikika atapereka chidziwitso cholemba cha masiku 20 a ntchito, kampani n'kumulipitsa chindapusa chosapyola muyeso. Makampani ambiri amazemba ponena kuti wawo ulibe nthawi yoikika, ndi wamuyaya, monga akukuuzirani inu. Khalidwe limeneli limandipweteka mtima, ndipo boma likulidziwa. Bungwe la National Consumer Commission linafufuza malonda a timeshare kuyambira mu 2017, ndipo lipoti lake la mu Disembala 2018 linalimbikitsa kuti migwirizano imeneyi izikhala ndi nthawi yothera. Tchulani zimenezi m'kalata yanu.

Zoimba foni zilekeni, mawu apafoni sasiya umboni. Lembani imelo, muikemo nambala yanu ya umembala ndi kalata ya dokotala. Nenani kuti mukuthetsa mgwirizano ndipo mukubweza mapointi onse, ngakhale asakubwezereni kalikonse. Ndalama zimene zinapita kale ndikudziwa zikukupwetekani, koma chofunika pano ndi kutseka pamene zikutayikira. Awuzeni akuyankheni molemba kuti mulibenso levy ina yolipira. Akakana kapena akangoti zii, pitani kwa Consumer Goods and Services Ombud, salipiritsa. Legal Aid South Africa imathandiza amene alibe ndalama ya loya. Kukhala Mmalawi sikukuchotserani chitetezo cha lamulo la ogula.

Musangotseka debit order mwakachetechete, dzina lanu lingalembedwe pa mndandanda wa osabweza ngongole ndipo chiwongoladzanja chizingokula. Ngati ngongole zakuchulukirani, onanani ndi mlangizi wa ngongole wolembetsedwa ku National Credit Regulator. Koma ndalama ikachepa n'kufika poti musankhe, mankhwala, chakudya ndi ulendo wakuchipatala ndizo ziyambe. Sankhaninso m'bale wokhulupirika, mum'lembere kalata yomupatsa mphamvu zolankhula ndi kampaniyo m'malo mwanu, kuti masiku amene mankhwala akufooketsani nkhaniyi isaime.

Za ana, mtima ukhale m'malo. Ngongole ya womwalira imalipidwa kuchokera pa chuma chimene wasiya, osati m'thumba mwa ana amene sanasaine nawo, ndipo wolandira chuma chamasiye ali ndi ufulu wochikana. Ngati bambo akunyumba anasaina nawo, iwo ndiwo akukhudzidwa, apite nanu kwa loya. Kampani ikakuuzani kuti njira yotulukira ndiyo kusamutsira umembala m'dzina la mwana wanu, kanani, ndipo anawo muwachenjeze asasaine pepala lililonse lochokera kumeneko.