Mfumu ya Byrne inagona panja

Anzanga a chess, pali matenda ena amene ndikuwaona pa mabolodi athu: kwini kutuluka msanga, n'kumayendayenda ngati ali pa msika, mfumu ili pakati yosabisika. Tiyeni tione gemu ina ya mu 1956 ku New York, pa mpikisano wa Rosenwald Memorial.

Zoyera anagwira Donald Byrne, katswiri amene anapambana US Open mu 1953. Zakuda anagwira Bobby Fischer, wa zaka 13 zokha, msinkhu wa ena a Fomu 1 pano.

1.Nf3 Nf6 2.c4 g6 3.Nc3 Bg7 4.d4 O-O 5.Bf4 d5 6.Qb3 dxc4 7.Qxc4 c6 8.e4 Nbd7 9.Rd1 Nb6 10.Qc5 Bg4

Kayambidwe aka ndi Grünfeld. Wa zakuda amamusiya mnzake adzaze ma pawn pakati, kenako n'kuyamba kuwagwedeza mothandizidwa ndi bishopu wa pa g7.

Tsono tawerengani. Fischer wabisa mfumu pa muvu 4. Byrne wasuntha kwini katatu, bishopu wake wa pa f1 sanadzukebe, ndiye mfumu ilibe njira yolowera pangodya. Apa panangofunika Be2 basi, kenako castle. Koma iye anasewera 11.Bg5, kusunthanso bishopu amene anatuluka kale. Kwa ine gemu inathera pomwepa.

11...Na4! 12.Qa3 Nxc3 13.bxc3 Nxe4 14.Bxe7 Qb6 15.Bc4 Nxc3 16.Bc5 Rfe8+ 17.Kf1 Be6!!

Eee, kwini wa Fischer ali pakamwa pa bishopu, mwanayo osamuthawitsa! Byrne anadya: 18.Bxb6 Bxc4+ 19.Kg1 Ne2+ 20.Kf1 Nxd4+. Hatchi ikachoka pa e2, bishopu wa pa c4 amatsegukira cheke, ndipo mfumu imangovina pakati pa f1 ndi g1, rook ya pa h1 ili phee ngati mlendo. Fumbi litatha, Fischer anali atapeza rook, mabishopu awiri ndi pawn posinthana ndi kwini. Anamaliza ndi 41...Rc2, checkmate.

Musathamangire kukataya kwini mawa, mudzalira. Fischer anatero chifukwa mfumu ya mnzake inalibe pothawira.

Ntchito yanu nayi: ikani bolodi pa 11...Na4. Hatchi ija ikuoneka yaulere. Bwanji Byrne sanadye ndi 12.Nxa4? Yang'anitsitsani pa e4, c5 ndi g5, mundiuze pa buleki.