Mtima ukadwala mwadzidzidzi, zipangizo n'zofunika

Zikomo mayi a ku Ntcheu potilembera, ndipo pepani pa imfa ya bambo a kunyumba. Mwafunsa ngati zipangizo za pachipatala zimapulumutsadi wodwala mtima. Inde mayi. Magazi oundana akatseka mtsempha wodyetsa mtima, mnofu wake umayamba kufa. Pamafunika makina oyeza mtima a ECG m'mphindi 10 zoyambirira wodwala atangofika, aspirin, komanso mankhwala osungunula magaziwo, omwe amagwira bwino ntchito akaperekedwa msanga. N'chifukwa chake zipatala zing'onozing'ono zomwe zilibe zinthuzi zimatumiza odwala otere ku zazikulu monga Kamuzu Central ndi Queen Elizabeth. Nonse omvera, pachifuwa pakathina, thukuta lili kamukamu, ululu ukutsikira kumkono wamanzere, musadikire kuti kuche. Pezani galimoto, thamangirani kuchipatala.