Magetsi Aulula Zobisika mu Mkaka

Anzanga, tonse tidziwa kuti mkaka ukagona usanduka chambiko, ndipo zoyera zolimba zipatukana ndi madzi achikasu. Kodi munayamba mwadzifunsa kuti zimenezi nchiyani? Zolimbazo ndizo mapuloteni otchedwa casein, ndipo otsala m'madzimo atchedwa whey. Pa magawo 100 a mapuloteni a mu mkaka wa ng'ombe, pafupifupi 80 ndi casein, 20 ndi whey. Maso athu alekeza pomwepo. Tsono wofuna kuona zoposa izi ayenera kulowa m'labotale, momwe muli njira yotchedwa gel electrophoresis.

Njirayi iri yotere. Poyamba atenga kadontho ka mkaka wochotsa mafuta, nakasakaniza ndi mankhwala onga sopo otchedwa SDS, nakatenthetsa mphindi zowerengeka. Mankhwalawo atambasula mapuloteni, nawapatsa onse mphamvu ya magetsi ya negative. Kenaka athira kadonthoko m'kadzenje ka pamwamba pa gel, chinthu chofewa chonga phala lozizira, chokhala ndi timabowo tosaoneka ndi maso. Akayatsa magetsi, mapuloteni onse ayamba ulendo wopita ku mbali ya positive.

Apa mpamene pagona nkhani. Gel iri ngati ukonde wa asodzi: usipa upyola msanga pamene chambo chivutika. Chomwechonso mapuloteni ang'ono athamanga nafika patali, koma akulu atsalira m'mbuyo. Pomaliza amiza gel mu utoto wabuluu wotchedwa Coomassie, ndipo paoneka mizere ngati makwerero. Mizere yochindikala ndiyo ya casein. M'munsi mwake muli beta-lactoglobulin, ndipo pansi penipeni pali alpha-lactalbumin, wochepa koposa mwa atatuwa.

Nzeru imeneyi siinabwere tsiku limodzi. Arne Tiselius wa ku Sweden anaonetsa chipangizo cholekanitsa mapuloteni ndi magetsi mu 1937, nalandira mphotho ya Nobel mu 1948. Oliver Smithies anayamba kugwiritsa ntchito gel mu 1955, ndipo njira ya SDS inakonzedwa bwino ndi Ulrich Laemmli mu 1970.

Nanga phindu lake nlotani? Mizere siinama. Mkaka wa mai ulibe beta-lactoglobulin, pamene wa ng'ombe uli naye, ndipo iyeyu ndi mmodzi wa mapuloteni amene matupi a ana ena awakana. Ndiponso njira za mtundu womwewu zigwira wamalonda wonyenga amene athira mkaka wa ng'ombe mu wa mbuzi. Kholo logula mkaka wotere silingadziwe ndi lilime, koma gel iulula.

Chenjezo nali kwa inu amene mudzagwira ntchito imeneyi: acrylamide, mankhwala opangira gel, ndi poizoni asanaume, kotero muzivala magolovesi, ndipo musakhudze chipangizocho magetsi ali oyaka.

Mawa polandira tiyi wa mkaka m'chipinda chodyera, mukumbukire kuti choyeracho si chinthu chimodzi ai.