Kusiya Mpata Pamsewu: Mafunso ndi Mayankho kwa Oyendetsa Njinga Zamoto

Kabuku aka takalembera oyendetsa njinga zamoto, makamaka inu akabaza amene mumakhala pamsewu kuyambira m'mamawa mpaka mdima. Tikamakambirana nanu za kusiya mpata pakati pa njinga ndi galimoto ya kutsogolo, ambiri simutsutsa kuti ndi bwino. Dandaulo lanu ndi lakuti mukasiya mpata ena amalowapo, inu n'kutsalira. N'chifukwa chake nkhani imeneyi taipatsa malo ambiri.

Kodi mpata woyenera ndi wotalika bwanji?

Masekondi awiri, ngati msewu ndi watala ndiponso wouma. Sankhani chinthu chosasuntha, monga pholo lamagetsi kapena chikwangwani. Galimoto ya kutsogolo ikangochidutsa, nenani mosathamanga kuti "sekondi yoyamba, sekondi yachiwiri". Mukafika pamenepo mawu asanathe, ndiye kuti mwayandikira kwambiri. Ngati mwanyamula munthu kapena katundu, fikitsani masekondi atatu kapena kuposerapo.

Bwanji masekondi, osati mamita?

Chifukwa mtunda wofunika umakula liwiro likamakwera. Pa liwiro la makilomita 50 pa ola, njinga imayenda pafupifupi mamita 14 pa sekondi iliyonse, choncho masekondi awiri ndi mamita 28, ngati minibasi zisanu ndi imodzi zitandondozana. Pa makilomita 80 pa ola, monga mumsewu wa M1 kunja kwa tauni, ndi mamita 44.

Njinga ndi yopepuka. Kodi siiima msanga kuposa galimoto?

Musadalire zimenezo. Kuchokera pamene maso aona ngozi kufikira pamene dzanja lagwira buleki pamapita pafupifupi sekondi yathunthu, ndipo munthu akatopa imaposa. Nthawi yonseyo njinga ikungopita. Komanso galimoto imaima pa matayala anayi, pomwe inu muli ndi awiri, ndipo gawo la tayala logunda pansi ndi lochepa. Mukafinya buleki yakutsogolo mwadzidzidzi tayala limatha kumangika, njinga n'kugwa. Njinga zambiri zakabaza zilibe ABS yoletsa zimenezi. Dziwaninso kuti liwiro likawirikiza kawiri, mtunda umene mabuleki amafuna kuti njinga iime umawirikiza kanayi.

Ndikasiya mpata, galimoto zina zimangolowapo. Phindu lake n'chiyani?

Ili ndiye funso limene timalandira kwambiri, ndipo sitikukana: amalowapodi. Koma tiyeni tiwerengere limodzi. Galimoto imodzi ikalowa, inu mumabwerera m'mbuyo pang'ono kuti mpata ukhaleponso, ndipo mwataya masekondi awiri kapena atatu. Tiyerekeze kuti mukuchokera ku Limbe kupita ku Blantyre kudzera mumsewu wa Masauko Chipembere, ndipo galimoto khumi zakulowererani. Nthawi yonse yotayika siikwana mphindi imodzi. Mtima ndi umene umapweteka, poona ngati akuchenjererani, koma ulendo sunatalike kwenikweni.

Ndipo musaganize kuti kumamatira galimoto ya kutsogolo kumaletsa ena kulowerera. Dalaivala wa minibasi amene watsimikiza zolowa amalowabe. Kusiyana kwake n'kwakuti mukakhala mulibe mpata amakukankhirani kumphepete, komwe kuli mchenga, ngalande ndi anthu oyenda pansi. Mukakhala ndi mpata mumangobweza mafuta pang'ono, iye n'kulowa, inu n'kupitiriza ulendo wanu.

Koma ndalama zanga zili m'changu. Mwini njinga amafuna ndalama yake madzulo aliwonse. Sindiluza makasitomala?

Vuto limeneli tikulimvetsa, ndipo sitingakulonjezeni kuti simudzataya kasitomala ngakhale mmodzi. Mwina tsiku lina mnzanu wothamanga adzafika pasiteji inu musanafike. Chomwe tikupempha n'chakuti muonenso mbali inayo. Kugunda galimoto kumbuyo, ngakhale pang'ono, kungathe kuswa nyali yanu, kupinda foloko ndi limu yakutsogolo, ndiponso kuphwanya bampala ya galimotoyo. Njinga ikakhala kwa makaniko masiku angapo, ndalama ya bwana siiima kuwerengedwa. Ndipo ngati mwathyoka mwendo, fupa limatenga milungu yambiri kuti lilumikizane, nthawi zina miyezi, banja likudikira ndiwo.

Palinso kaphindu kena. Woyendetsa momamatira amangokhalira kugwira buleki ndi kukoka mafuta, ndipo kayendetsedwe kotere kamatha petulo ndi mabuleki msanga. Kuchuluka kwa zimene mungapulumutse kumadalira njinga ndi msewu wanu.

Nanga wokwera akamandiuza kuti ndithamange chifukwa wachedwa?

Muuzeni mwaulemu: "Mayi, tifika, koma ndiloleni ndisiye mpata kuti tikafike bwino." Ambiri amamva. Dziwani kuti pogwira buleki mwamphamvu thupi la wokwera limakugwerani kumsana n'kukukankhirani pachiwongolero, ndipo njinga yolemera imaima mochedwa. Matumba a chimanga kapena makala amachitanso chimodzimodzi.

Kodi kumbuyo kwa minibasi ndi lole mpata ndi womwewo?

Onjezerani. Minibasi imaima paliponse pamene kondakitala waona munthu akukweza dzanja, nthawi zina popanda indiketa, ndipo nyali zake zamabuleki si nthawi zonse zimagwira ntchito. Lole imakutsekerani kutsogolo konse. Iyo imadutsa dzenje pakati pa matayala ake, inu n'kuliona litafika kale pansi pa tayala lanu. Ngati simukuona magalasi a m'mbali a loleyo, dalaivala wake sakukuonaninso. Khalani kutali, ndipo mutsate mzere wa tayala lake lakumanja kapena lakumanzere, osati pakati penipeni pomwe pamadonthera oilo.

Nanga kukagwa mvula, pafumbi kapena usiku?

Masekondi anayi kapena kuposa. Mvula yoyamba ndiyo yoopsa chifukwa imasakanikirana ndi fumbi ndi oilo, tala n'kuyamba kuterera. Pamsewu wafumbi dikirani fumbi la galimoto lichepe mpaka muone pansi. Usiku yendani liwiro loti mutha kuima mkati mwa pomwe nyali yanu ikuwalitsa.

Ndikasiya mpata kutsogolo, wakumbuyo amandimamatira n'kumaliza hutala. Sandigunda?

Ngozi imeneyi ilipo, ndipo palibe njira yoichotseratu. Koma kuthawira kufupi ndi galimoto ya kutsogolo kumangokupanikizani pakati pa ziwiri. Chitani zosiyana ndi zimenezo: onjezerani mpata kutsogolo, kuti pakachitika kanthu muime pang'onopang'ono, wakumbuyoyo apeze nthawi yoima. Gundani buleki mopepuka kuti nyali yofiira iyake musanachepetse liwiro kwenikweni. Mukapeza malo abwino, yatsani indiketa yakumanzere, mumpatse njira apite. Musakangane naye pamsewu, iye ali m'chitsulo inu muli poyera.

Ndikagunda galimoto kumbuyo chifukwa yaima mwadzidzidzi, wolakwa ndani? Alipira ndani?

Nthawi zambiri mafunso amayambira kwa wakumbuyo, poti amayembekezeka kusiya malo okwanira kuimapo. Komabe ngozi iliyonse ili ndi nkhani yake, ndipo oweruza ndi apolisi ndi khoti, osati ife. Ngati njinga ilibe inshulansi kapena inu mulibe laisensi, n'kutheka kuti zolipira zonse zingagwere m'thumba mwanu. Ngakhale inshulansi ilipo, si nthawi zonse imalipira kuwonongeka kwa njinga yanu. Funsani kampani yanu zimene pepala lanu likunena.

Pa mzere wa magalimoto m'tauni palibe amene amasiya mpata. Ndikhale ndekha wolowereredwa?

Funso ili likufanana ndi lija tayankha kale, koma limabwerabe, makamaka kwa anzathu a ku Lilongwe amene amadutsa pa mlatho wa ku Old Town nthawi yoweruka. Pamene magalimoto akukwawa, masekondi awiri ndi mamita ochepa chabe, ndipo amene angalowepo si ambiri. Mzere ukaima, imani pomwe mukuona matayala akumbuyo a galimoto ya kutsogolo akugunda pansi, cha kumbali pang'ono, giya yoyamba ili mkati, maso pagalasi. Mukatero muli ndi pothawira ngati wakumbuyo walephera kuima, kapena ngati lole ya kutsogolo yabwerera m'mbuyo pachitunda.

Mawa mukatuluka, yesani kuwerenga masekondi pa ulendo wanu woyamba, ndipo muwauzeko anzanu a pasiteji, makamaka anyamata amene angoyamba kumene ntchitoyi.