Kuteteza Penti ya Galimoto Yongofika Kumene kwa Mwadzama: Ceramic Kapena Filimu

Magalimoto ambiri amene anthu a m'dera la Mfumu Mwadzama m'boma la Nkhotakota amawatcha atsopano ndi oti anayendapo kale ku Japan, ndipo amatsikira padoko la Dar es Salaam n'kuyendetsedwa pamsewu mpaka kudzalowa m'dziko muno pachipata cha Songwe. Mwini Sienta kapena Probox yotere akaiona ikunyezimira amafuna kuti ikhalebe choncho, ndipo masiku ano amauzidwa za njira ziwiri: mankhwala opaka otchedwa ceramic coating ndi filimu yomata imene ogulitsa amaitcha PPF. Njira ziwirizi zimagwira ntchito zosiyana kotheratu, koma zonse zimaonongeka pa chifukwa chimodzi, chomwe ndi kuziika papenti yosakonzedwa.

Penti ya galimoto ili ndi zigawo zitatu: ya pansi yogwira chitsulo, ya pakati yopereka mtundu, ndi ya pamwamba yoonekera imene amisiri amaitcha clear coat. Kukhuthala kwake kumayezedwa m'maikiloni, ndipo maikiloni imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Zigawo zonse pamodzi zimakhala maikiloni 100 mpaka 150, pamene clear coat payokha ndi maikiloni 40 kapena 50 basi, kutanthauza kuti ndi yopyapyala ngati majumbo aja amene boma linaletsa chifukwa chosafika maikiloni 60. Kunyezimira konse kumene mwini galimoto amanyadira kuli m'kagawo kameneka, ndipo kakatha sikabwereranso popanda kupentanso.

Ceramic ndi madzi okhala ndi silika, chinthu chomwe chimapanganso mchenga ndi galasi, amene akauma amasiya kansalu kolimba ka maikiloni imodzi kapena ziwiri. Kansaluka kamachititsa kuti madzi ndi dothi zisakanirire, kamachedwetsa kusuluka kwa penti padzuwa, ndiponso kamapatsa mwini galimoto mpata wochotsa zitosi za mbalame zisanadye penti. Mwala wothamangitsidwa ndi tayala la lole sikangauletse ngakhale pang'ono. Chilembo cha 9H chimene chimalembedwa pamabotolo chimanena za kulimba kwa pensulo yoyesera, ndipo wogulitsa amene amamenya boneti ndi laitala pofuna kutsimikizira kuti penti singakalikenso akungosewera ndi ndalama za anthu. Filimu ndi pulasitiki yofewa ya mtundu wa polyurethane, yokhuthala maikiloni 150 mpaka 200, imene kampani ya 3M inayamba kupangira asilikali a ku America m'zaka za m'ma 1960 kuti iziteteza mapiko a helikopita ku mchenga ndi timiyala. Imeneyi ndiyo imalandira mwala m'malo mwa penti.

Choncho sitepe yoyamba ndi kudziwa chimene chikuononga galimotoyo. Woyenda kawirikawiri pamsewu wa M5 pakati pa Salima, Benga ndi Nkhotakota, kumbuyo kwa malole ndi m'malo amene phula linakumbika, amavutika ndi miyala, ndipo iye akufunika filimu pabampa, kutsogolo kwa boneti, pamagalasi oonera kumbuyo ndi m'munsi mwa zitseko. Amene galimoto yake imakhalitsa pabwalo, padzuwa la Okutobala kapena pansi pa mtengo wa mango pamene pamagwa utomoni ndi zitosi za mbalame ndi mileme, komanso imene imakutidwa ndi tizilombo ta nkhungu tochokera kunyanja, apindula kwambiri ndi ceramic. Malangizo a pa intaneti onena za mchere wa m'nyanja sakukhudza dera lino, chifukwa madzi a Nyanja ya Malawi alibe mchere wotero. Wofuna zonse ziwiri ayambe ndi filimu, ceramic ibwere pamwamba, popeza filimu simamatirira bwino pamalo oterera.

Sitepe yachiwiri ndi kufufuza ngati penti ndi ya kufakitale. Pepala la kumsika wa magalimoto ku Japan limaonetsa chithunzi cha galimoto chokhala ndi zilembo, pamene A ndi zokalika, U ndi zopindika, W ndi malo okonzedwapo, ndipo XX ndi chitsulo chosinthidwa. Malo amene anapentidwa posachedwa, kaya ku Dar es Salaam kaya ku Lilongwe, ayenera kudikira mwezi umodzi kapena itatu kuti penti iume mpaka m'kati, ndipo filimu yoikidwa papenti yosagwira bwino imadzachoka nayo pentiyo tsiku loimatula.

Sitepe yachitatu, yokonza penti, ndi imene pafupifupi aliyense amailakwa, ndipo ndi imene imatenga nthawi yoposa ntchito ina yonse. Ceramic ndi filimu sizibisa chilichonse. Chimene chili papenti pa ola loikapo, kaya ndi mizere, madontho a madzi ouma, phula kapena fumbi, chimatsekeredwa pansi pake kwa zaka, ndipo njira yochichotsera ndi kupala ceramic yonse ndi makina kapena kumatula filimu n'kuitaya. Kutsuka galimoto kuti ioneke yoyera patali sikukonza penti.

Kutsuka kumayamba ndi kuthira madzi ambiri popanda kukhudza galimoto, kuti mchenga utsike wokha. Kenako pamafunika ndowa ziwiri, ina ya sopo wa galimoto ndipo ina ya madzi otsukuluzira nsalu, ndipo amayambira padenga kutsikira pansi, matayala kukhala ndi nsalu yawoyawo. Chizolowezi choimika galimoto m'mphepete mwa nyanja kapena pamtsinje, n'kuipukuta ndi chigamba chimodzi chimene chagwa kale pamchenga ndi sopo wa ufa wochapira zovala, ndicho chimabala mizere yozungulira imene imaoneka padzuwa. Wochita zimenezi mmawa n'kupaka ceramic masana wasungira mizereyo malo okhazikika.

Galimoto ikauma, dzanja lilowetsedwe m'kapepala ka pulasitiki kopyapyala n'kuyendetsedwa pang'onopang'ono paboneti. Ngati pakumveka timiyala, penti idakali yakuda ngakhale ikunyezimira. Timiyala timeneti ndi tizitsulo tochokera kumabuleki ndi kumadoko kumene galimoto inakhala milungu ikudikira, pamodzi ndi phula la mumsewu, ndipo sopo satichotsa. Tizitsulo timasungunulidwa ndi mankhwala otchedwa iron remover, amene amasanduka ofiirira akakumana ndi chitsulo, phula lili ndi mankhwala akeake, ndipo zotsala zimazulidwa ndi clay bar, kachinthu kofewa konga dongo kamene kamayendetsedwa papenti yonyowa ndi madzi a sopo. Kakagwa pansi katayidwe. Anthu amakatola, kukapukuta pamalaya n'kupitiriza, ndipo m'dera la mchenga ngati lino zotsatira zake ndi kukala chitseko chonse. Petulo ndi thinner, zimene ena amalangiza pochotsa phula, zisayandikire penti, makamaka yopentedwanso.

Kupolisha kumabwera pambuyo pake, ndipo tanthauzo lake ndi kupala pang'ono clear coat mpaka mizere ifanane ndi malo ozungulira. Pamafunika makina ndi munthu wodziwa kuwagwira, chifukwa ulendo uliwonse umadya maikiloni angapo ndipo m'mphepete mwa zitseko penti imabooka msanga. Mzere umene chikhadabo chimakodwamo ndi wozama kwambiri, ndipo usiyidwe, chifukwa kuuthamangitsa kumatha clear coat yonse. Polishi wa m'chitini amene amapakidwa ndi dzanja sachotsa mizere: amangoidzaza ndi mafuta, mafutawo n'kuletsa ceramic kugwira. N'chifukwa chake ntchito yokonza imatsirizidwa ndi kupukuta galimoto yonse ndi mankhwala ochotsa mafuta, kawirikawiri isopropyl alcohol wosungunulidwa ndi madzi oyera, pogwiritsa ntchito nsalu ya microfibre yatsopano. Wogwira ntchitoyo akatero azimitse magetsi n'kuunika chitseko chilichonse ndi tochi chapambali. Mizere ikaonekabe, kupolisha kubwerezedwe. Botolo la ceramic lisatsegulidwe kufikira tochi itasiya kuonetsa zolakwika, ndipo mmisiri wolonjeza kumaliza zonsezi m'maola awiri wadumpha sitepe imeneyi, popeza ngakhale pagalimoto yaing'ono ntchitoyi imadya tsiku lathunthu.

Kupaka kwenikweniko n'kosavuta, koma nyengo ya kunyanja imakuvutitsa. Malangizo a pamabotolo ambiri amafuna kutentha kosapitirira madigiri 25 kapena 30, pamene chitsulo cha galimoto yakuda padzuwa la Novembala chimaposa madigiri 60. Ntchitoyi ichitikire m'nyumba yotseka, mmamawa, pansi patawazidwa madzi kuti fumbi lisauluke. Miyezi ya mwera, kuyambira Juni mpaka Ogasiti, mphepo imanyamula mchenga, pamene m'dzinja chinyezi chimasokoneza kuuma, motero Meyi ndi mwezi wabwinoko. Kugwira usiku ndi getsi pofuna kuthawa kutentha kumaitana nkhungu ndi tizilombo tina kuti tidzamatirire pamankhwala osauma. Amapaka kachigawo kakang'ono, pafupifupi theka la mita mbali zonse, kudikira mpaka mankhwala aonetse mitundu ya utawaleza, zimene kotentha kuno zingachitike mphindi imodzi isanathe, n'kupukuta ndi nsalu ziwiri motsatizana. Malo oiwalika amauma n'kusiya banga lakuda lofunika makina. Galimoto isanyowe kwa maola 24 ndipo isatsukidwe kwa sabata.

Filimu si ntchito ya pakhomo. Imafuna chipinda chopanda fumbi ndi manja ozolowera, choncho ulendo wa ku Lilongwe, makilomita pafupifupi 150 kudzera pa Kaphatenga, sungapeweke. Wogula afunse dzina la kampani yopanga filimuyo, aone galimoto imene mmisiriyo anaimata chaka chapita, ndipo ayese kachidutswa: filimu yeniyeni imatamuka, ndipo yambiri imabweza mizere yaing'ono ikathiridwa madzi otentha. Pepala la vinyl, limene amamata pamagalimoto a malonda, ndi lopyapyala ndipo silitchinga miyala, ngakhale ena amaligulitsa ndi dzina la PPF.

Mitengo ndi yongoyerekeza, ndipo ikunenedwa m'madola chifukwa zinthuzi zimachokera kunja ndipo kwacha, imene inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, sikhazikika. Botolo labwino la mamililita 30, lokwana galimoto yaing'ono, lingagulidwe madola 50 mpaka 100, ndipo nsalu, clay bar ndi mankhwala okonzera zingadye ndalama zofanana nazo. Kupakitsa kwa mmisiri pamodzi ndi kupolisha kungafike madola mazana angapo, filimu ya kutsogolo kokha ingayandikire madola 1,000, pamene kukuta galimoto yonse kungapose mtengo umene Vitz yakale inagulidwira ku Japan. Timabotolo totchipa kwambiri tolonjeza zaka 10 tisakhulupiriridwe. Ceramic yabwino yosamalidwa imakhala zaka ziwiri mpaka zisanu.

Pomaliza pali madzi otsukira. Madzi a pamjigo nthawi zambiri amakhala ndi miyala yosungunuka, ndipo popeza ceramic imasonkhanitsa madzi m'timadontho, timadonthoto tikauma padzuwa timasiya mabanga oyera ovuta kuchotsa. Galimoto itsukidwe pamthunzi ndi kupukutidwa nthawi yomweyo, ndipo nkhungu, zitosi ndi madzi a nsomba otayikira pachitseko cha kumbuyo zichotsedwe tsiku lomwelo.

Amene alibe chipinda chotseka, makina opolishira kapena mmisiri wodalirika asagule chilichonse mwa ziwirizi. Ndalamazo amangire shedi ya galimoto, agule ndowa ziwiri ndi nsalu zabwino, ndipo azipaka wax miyezi itatu iliyonse, chifukwa zimenezi zimasunga penti kuposa ceramic yopakidwa pamchenga.