Klarineti ya ku Chambe yakana chapakamwa chatsopano

Muulutsi: Tipitirize ndi makalata anu, okondedwa omvera. Iyi yachokera kwa aphunzitsi ena a ku Chambe, m'tsinde mwa phiri la Mulanje. Akuti bandi ya achinyamata pa tchalitchi pawo inalandira maklarineti akale kuchokera kwa abwenzi a ku Ulaya, koma imodzi inafika yopanda chapakamwa. Anatuma mlamu wawo wa ku Joni kuti awagulire, ndiye chimene chabweracho chikukana kulowa. Akufunsa kuti, kodi achipale ndi mpeni? Abambo, muwathandize.

Katswiri: Aphunzitsi, mpeniwo ubwerere kukhitchini. Alamu anu sanalakwe, kungoti maklarineti si amtundu umodzi. Wofala kwambiri, umene mungaupeze m'mabandi ambiri ngakhalenso m'masitolo a ku Joni, ndi wa Boehm. Anaukonza ku Paris ndi Hyacinthe Klosé ndi Louis-Auguste Buffet pakati pa 1839 ndi 1843, potengera nzeru imene Theobald Boehm anagwiritsa ntchito pa chitoliro chake. Ku Germany ndi ku Austria amakonda wina wa Oskar Oehler wa ku Berlin. Palinso wakale wa Eugène Albert wa ku Brussels, umene oimba jazi a ku New Orleans ankaukonda.

Muulutsi: Nanga munthu ali ku Chambe adziwa bwanji kuti yake ndi iti?

Katswiri: Ayang'ane kumunsi, pamene pamagwira chala chaching'ono cha dzanja lamanja. Akaona makiyi anayi ali pamodzi, imeneyo ndi Boehm. Akaona makiyi awiri okhala ndi timateyala togubuduzika pakati pake, ndi Oehler kapena Albert. Ya Albert imakhala ndi makiyi ochepa, kawirikawiri 13, pamene ya Oehler yadzadza zitsulo thupi lonse.

Tsono chapakamwa cha ku Germany n'chowonda, ndipo kabango kake, kaja kamanjenjemera n'kutulutsa mawu, nako n'kowonda. Ambiri kumeneko amakamanga ndi chingwe, osati ndi kachitsulo ka masikuluwu. Chimene agula alamu anu ndikukhulupirira kuti n'cha Boehm, pamene klarineti yanuyo si ya Boehm. Mukachikakamiza mung'alula kamgolo kamene chimalowamo, ndipo ngakhale chitalowa, mphako yake siigwirizana ndi ya klarinetiyo, mawu ena azikwera, ena azitsika. Jambulani chidacho pa foni, dzina la kampani lioneke bwino, muyezenso kukula kwa bowo la kamgoloko, mutumizire wogulitsa. Pogula, mugulire limodzi timabango take. Vandoren amapanga ta White Master ta maklarineti a ku Germany. Chatsopanocho musachitaye ayi, chigwira ntchito pa Boehm ina m'bandi mwanu momwemo.

Muulutsi: Wina ndi mtsikana wa ku Likhubula. Akuti chapakamwa chake chimalowa bwinobwino, koma akamaimba ndi kiyibodi, anzake amamuyang'ana ndi diso loipa chifukwa mawu ake amakhala pamwamba.

Katswiri: Mwana wanga, yamba wasolola kamgolo pang'ono, mamilimita awiri okha, makamaka kukatentha, chifukwa kutentha kumakweza mawu a klarineti. Zikakanika, fufuza pathupi pake ngati padindidwa zilembo HP. Kale mabandi a asilikali ku Britain ankaimba mokweza kuposa mlingo wa mawu wa 440 umene kiyibodi yako imatsata, ndipo zida za nthawi imeneyo zina zinalembedwa HP. Ngati yako ndi yotero, ndikuuze zoona, palibe chapakamwa chimene chingaichiritse. Uziphunzirirapo kunyumba, koma m'gulu izikusowetsa mtendere. Ngati palembedwa Boosey & Hawkes 1010, imeneyo ndi yabwino kwambiri, ya Boehm ndithu, koma mphako yake ndi yotakata ndipo imafuna chapakamwa chakechake.

Muulutsi: Ameneyu wafunsanso kuti wongoyamba kumene agule chiti.

Katswiri: Pa Boehm ya B flat, chapakamwa cha Yamaha 4C ndi kabango ka nambala 2 kapena 2.5 n'zokwanira. Vandoren B45 idikire mpaka milomo italimba. Ndimaona ana ambiri akuthamangira zodula pamene kupuma kwenikweniko sanakudziwe.

Muulutsi: Kalata yotsiriza ya lero yandiseketsa. Abambo ena osema ziboliboli akuti anamva kuti klarineti imapangidwa ndi phingo. Bwanji osangosema okha chapakamwacho?

Katswiri: Musawaseke, anamva zoona. Maklarineti abwino amapangidwa ndi phingo yemweyu, ndipo wambiri amachokera ku Tanzania ndi kwa anansi athu ku Mozambique. Kale zapakamwa zinalinso zamtengo. Anazisiya chifukwa mtengo ukamwa malovu umafufuma, ukauma n'kupindika, ndiye pamene pamagona kabango pamayamba kudontha mpweya. Taganizani chiperoni cha Juni kuno ku Mulanje, kenako dzuwa la Okutobala. Masiku ano ambiri amagwiritsa ntchito labala wolimba wotchedwa ebonite. Komanso kampata ka pakati pa kabango ndi nsonga n'kongopitirira pang'ono milimita imodzi, kovuta kukalondola ndi sompho. Achimwene, ngati manja akuyabwa, asemereni anawo kabokosi kosungiramo timabango, chifukwa ambiri amangotiponya m'thumba la malaya n'kuthyoka nsonga.

Muulutsi: Nthawi yatithera. Makalata otsalawo tiwawerenga sabata yamawa.